LEONARD KAMUNGU, MPHUNZITSI MLENDO WA KU MSORO

Mwa aphunzitsi onse amene anagwira nchito m'cigwa cino ca Luangwa, ndi ocepa amene dzina lao lakhalitsa pakamwa pa anthu monga lakhalira dzina la Leonard Mattiya Kamungu. Munthuyu sanali Mkunda, sanabadwire m'dziko lino, ndipo masiku ake onse pakati pa Akunda anangokwana ngati zaka ziwiri. Anafika ku Msoro m'caka ca 1911, namwalira komweko m'caka ca 1913. Koma nchito imene anaiyamba m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, womwewu umene umadzathira m'Luangwa kuno kwathu, iripo kufikira lero. Mbiri yake tailemba muno cifukwa ca inu aphunzitsi amene munatumidwa kutali ndi kwanu, makamaka inu amene mwangotsika kumene kudza ku sukulu za kuno ku Nkwali ndi midzi yozungulira, mtima ukali kumudzi. Funso limene limakulandani tulo, lakuti munthu akhazikika bwanji kwa eni, Kamungu anakomana nalo kanai pa moyo wake waufupi.

Mwana wa kunyanja

Kamungu anabadwa ca m'ma 1877 m'mudzi wa Chia, pa gombe la kum'mawa la nyanja imene azungu anaicha Nyasa, m'dziko limene tsopano ndi Mozambique. Anthu a kwao anali Anyanja, asodzi a usipa ndi utaka, olima cinangwa m'mbali mwa madzi. Masiku amenewo sanali a mtendere. Kucokera kumapiri kunkatsika nkhondo ya Angoni, amene anthu a kunyanja anawacha Magwangwara, ndipo pamadzi pankayenda zombo za ogula akapolo, zoolotsa anthu kucokera ku Nkhotakota kunka ku tsidya la kum'mawa, kumene njira ya ku nyanja ya mcere inkayambira. Mwana wobadwa m'zaka zimenezo anakula akudziwa kuti mlendo wofika pamudzi kawirikawiri amadza ndi mkondo kapena goli.

M'caka ca 1882, Kamungu ali mwana wa zaka ngati zisanu, kunyanja kunafika alendo a mtundu wina. Amenewa anali ansembe awiri, William Percival Johnson ndi Charles Janson, a Misyoni ya Mpingo wa Anglikani imene imadziwika ndi malemba akuti U.M.C.A. Misyoni imeneyi inayambika cifukwa ca pempho la David Livingstone ku Cambridge m'caka ca 1857. Poyamba inamanga ku Magomero mu 1861, koma Bishopu Mackenzie atamwalira mu 1862 nchito ya kumeneko inafooka, ndipo mu 1864 Misyoni inasamukira ku cilumba ca Zanzibar. Tsopano inali kubwerera ku dziko limene inacokako. Janson anafika kunyanja ali wodwala, namwalira ku Chia caka comweco. Johnson anatsala, ndipo nyanja inasanduka kwao kufikira imfa yake mu 1928.

Mu 1885 Misyoni inakhazika likulu lake pa cilumba ca Likoma, niika panyanja sitima imene anaicha dzina la Charles Janson. Ndi sitima imeneyo Johnson ankayendera midzi ya m'gombe, nasiya mphunzitsi pamudzi uliwonse pamene mfumu yalola. Aphunzitsi oyambawo sanali Anyanja ai. Ambiri anali anthu amene anaomboledwa mu ukapolo ali ana, naleredwa ku Zanzibar. Mmodzi wa iwo, Augustine Ambali, anakhala zaka zambiri ku Msumba, pa gombe lomwelo, ndipo pambuyo pake anakhala wansembe. Anthu otere anafika kunyanja ndi Ciswahili pakamwa, opanda mbale, opanda munda, nayamba kuphunzira Cinyanja kwa ana omwe anadza kudzawaphunzitsa. Cotero sukulu imene Kamungu anaiona ali mwana inali sukulu ya alendo, ndipo asanadziwe kulemba dzina lake anali ataona kale ndi maso mmene mphunzitsi mlendo amakhalira pamudzi wa eni.

Ulendo woyamba: ku Zanzibar

Masiku amenewo anyamata a kunyanja amene anaonetsa nzeru ndi makhalidwe abwino ankatumizidwa ku sukulu yaikulu ya Misyoni, ya St Andrew, pamalo pochedwa Kiungani, kunja kwa mzinda wa Zanzibar. Kamungu anali mmodzi wa osankhidwawo. Ulendo wocokera kunyanja kukafika ku Zanzibar unali wa masabata ambiri, ndipo wopita kumeneko sankayembekeza kuona amake caka cimeneco kapena cinzake.

Ku Zanzibar zonse zinali zacilendo kwa mwana wa ku Chia. Madzi a m'nyanja ya kumeneko ndi amcere, osamweka. M'misewu munkamveka Ciswahili, m'kalasi Ciswahili ndi Cingerezi. Mzinda unali wa Asilamu, wa nyumba zamiyala zosanjikiza, ndipo pakati pake panaima chalichi cacikulu ca Misyoni, comangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Anzake a pasukulu anali a mitundu yambiri, Abondei, Ayao, Amakua ndi ena amene sanadziwe nkomwe mudzi umene anabadwira. Pamenepo Mnyanja anali mmodzi mwa ambiri, ndipo cinenero cake sicinali ca mtengo kwa wina aliyense koma kwa iye yekha ndi anzake ocepa.

Apa pali cinthu cimene ife aphunzitsi timaciiwala msanga. Kamungu asanakhale mphunzitsi mlendo anayamba wakhala wophunzira mlendo. Anaidziwa nsautso ya mwana amene yankho ali nalo m'mutu koma alibe mau oyankhira, ndi manyazi a munthu amene anzake amseka cifukwa ca kachulidwe kake. Munthu amene anakhalapo cete m'kalasi cifukwa ca cinenero sathamangira kunena kuti mwana wa eni ndi mbuli pamene mwanayo wakhala cete.

Makwerero a anchito a Misyoni imeneyi anali otalika. Munthu ankayamba ndi uphunzitsi, kenaka nkukhala wowerenga mau m'chalichi, pambuyo pake dikoni, ndipo potsiriza, ngati akulu akhutira naye, wansembe. Kamungu anakwera makwerero amenewa mmodzimmodzi. Analandira udikoni m'caka ca 1902, ndipo unsembe anaulandira mu 1909. Zaka zisanu ndi ziwiri za pakatipo anazitha akugwira nchito yolemera ndi udindo waung'ono, ndiponso sanazithere kwao.

Ku Lungwena ndi ku Nkhotakota

Atabwerera kunyanja sanamuike ku Chia pakati pa abale ake. Anagwira nchito ku Lungwena, kumwera kwa nyanja, m'dziko la Ayao, kumene Cisilamu cinali citazika kale mizu ndipo nkhondo za Boma ndi mfumu Makanjira zinali zisanaiwalike. Nchito ya kumeneko inafuna Ciyao, cinenero cina cacilendo pamwamba pa Ciswahili ndi Cingerezi. Inafunanso mtima wosakhumudwa msanga, pakuti makolo ambiri a kumeneko anali ndi sukulu zao za Cisilamu, ndipo sanaone cifukwa coperekera ana ao kwa mphunzitsi wa Misyoni. M'malo otere mphunzitsi amaliza belu, nabwera ana owerengeka, mawa lake nacepanso. Ndipo ayenera kulizanso mkuja.

Anagwiranso nchito ku Nkhotakota, ku tsidya la kumadzulo, mudzi waukulu wa mpunga umene unali likulu la a Jumbe, mafumu a Ciswahili amene analemera ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Owerenga a m'cigwa muno asasokoneze a Jumbe amenewa ndi mfumu Jumbe ya Akunda, pakuti palibe cibale pakati pao. Misyoni ya ku Nkhotakota anaiyamba Arthur Fraser Sim mu 1894, namwalira caka cotsatira, ndipo komweko kunaikidwa mtembo wa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Ku Nkhotakota Kamungu anamva cinenero cofanana ndi ca kwao, koma mudziwo unali wa Asilamu ambiri, wa miyambo yake ndi akulu ake, ndipo iye anali munthu wa kutsidya.

Cotero pamene analandira unsembe mu 1909, ali ndi zaka zoposa 30 pang'ono, anali atakhala kale mlendo katatu. Anali woyamba mwa Anyanja kufika pa udindo umenewo mu Mpingo wa Anglikani, pakuti Yohana Abdallah amene anamtsogolera anali Myao. Munthu wotere akanatha kuyembekeza kuti tsopano apumule, akhale pafupi ndi madzi a kwao, alemekezedwe ndi anthu omdziwa. M'malo mwake kunadza kuitana kwa ku dziko limene linalibe nyanja.

Kuitanidwa ku dziko latsopano

M'caka ca 1910 Misyoni inatsegula dayosizi yatsopano m'dziko lino, limene pa nthawiyo linkachedwa Northern Rhodesia, ndipo linali m'manja mwa Kampani ya British South Africa. Bishopu woyamba anali John Edward Hine, munthu amene analinso dotolo, ndipo anali atakhalapo Bishopu wa ku Likoma kuyambira mu 1896 ndi wa ku Zanzibar kuyambira mu 1901. Hine analibe ansembe okwanira kapena ndalama zambiri. Anayenda pansi mitunda yaitali kufunafuna malo, ndipo mwa malo oyamba amene Misyoni inatenga munali Mapanza, pakati pa Atonga, ndi Msoro, pakati pa Akunda.

Cifukwa cotsikira kucigwa sicobvuta kuciona. Kumtunda, kufupi ndi Fort Jameson, mzinda umene tsopano ndi Chipata, misyoni zina zinali zitafika kale. Adachi anamanga ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903, ndipo ansembe a Katolika anali ku Kachebere, pamalire, kuyambira mu 1903. Dziko lozizira, la ng'ombe ndi la anthu ambiri, linali ndi aphunzitsi ake. Kumene kunatsala ndi kuno kunsi, kotentha, kwa kashembe. Ndipo Hine, amene anawadziwa bwino anthu a kunyanja, anayang'ana komweko pofuna munthu woti ayambe nchitoyo. Kamungu anabvomera.

Tiyenera kuzindikira kukula kwa cinthu cimeneci. M'masiku amenewo, pamene misyoni zambiri zinkaika mzungu pamwamba pa nchito iliyonse, munthu wakuda anapatsidwa kuyambitsa ndi kuyang'anira misyoni yatsopano m'dziko lacilendo. Iye anali mtumwi wocokera kunja monga analili Johnson ku Chia, kusiyana kwake nkwakuti khungu lake linafanana ndi la anthu amene anawapeza. Kufanana kumeneko kunamthandiza pena, koma pena kunamuonjezera katundu, pakuti mzungu akalakwa mwambo anthu amati sadziwa, koma munthu wakuda akalakwa amati ndi mwano.

Cigwa cimene anacipeza

Ulendo wocokera kunyanja unali wa pansi, wa masiku ambiri, kudutsa dziko la kumtunda ndi kutsika mapiri kulowa m'nkhalango za tsanya. Inu amene munatsika njira ya ku Chipata pa galimoto mukudziwa mmene mpweya umasinthira munthu akamatsika. Kamungu anaumva ndi mapazi.

Anapeza Akunda, anthu a mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro, okhala m'midzi ing'onoing'ono yotalikirana m'mbali mwa mitsinje. Anthu amenewa anali atangopuma kumene ku nkhondo za Angoni a Mpezeni, amene mphamvu yao inathyoledwa mu 1898. Pambuyo pa nkhondo kunadza msonkho, ndipo msonkho unayamba kutulutsa amuna m'midzi kunka ku nchito za kutali. Caka comwe Kamungu anafika, 1911, zigawo ziwiri za dziko lino, ca kumpoto cakum'mawa ndi ca kumpoto cakumadzulo, zinaphatikizidwa kukhala dziko limodzi, ndipo Fort Jameson inaleka kukhala likulu la Boma.

Inalinso nthawi ya mantha a nthenda ya kaodzera. Mu 1910 madotolo awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza mtundu watsopano wa kacirombo ka nthendayi m'magazi a mzungu amene anaitenga m'cigwa cino ca Luangwa. M'zaka za 1911 ndi 1912 madotolo ena awiri, Kinghorn ndi Yorke, anamanga misasa ku Nawalia, kutsidya kwa Luangwa, natsimikiza kuti kashembe wamba wa m'chire muno ndiye amafalitsa kaciromboko, ndi kuti nyama za m'chire zimakasunga m'magazi mwao. Motero Kamungu analowa m'cigwa pa nthawi imene dzina la Luangwa linali kuopsa ngakhale anthu a kutali.

Kwa munthu wa kunyanja kusintha kunali kwakukulu. Kwao nsima inali ya cinangwa, kuno inali ya mapira. Kwao munthu akatenthedwa amangotsikira kumadzi, ndipo madzulo mphepo ya panyanja imaomba. Kuno mwezi wa Okutobala mpweya umaima nji, usiku wosasiyana ndi usana. Kwao njira yaikulu inali nyanja, ndipo sitima ya Misyoni inkafika ndi makalata ndi nkhope zodziwika. Kuno mvula ikagwa Lupande amadzaza, dothi lakuda limagwira miyendo, ndipo mudzi umakhala wodulidwa masabata. Kwao mdani wa munda anali dzuwa. Kuno njobvu imatha kumaliza usiku umodzi cakudya ca caka conse. Zimene akanazizindikira ngati za kwao zinali mlambe, mvuu ndi ng'ona.

Ndiponso cinenero. Mabuku a Misyoni anali m'Cinyanja ca kunyanja, cimene Johnson anathera zaka zambiri akumasuliramo Malembo. Koma kalankhulidwe ka Akunda nkosiyana, kayandikira ku Cinsenga ndi Cibisa. Mphunzitsi wa Cinyanja amamva mau ena, ena namphonya, ndipo coopsa ncakuti amayesa kuti wamva pamene sanamve. Bvuto limeneli simulipeza m'mbiri mokha. Kufikira lero mwana wa m'cigwa muno amalankhula cina kunyumba, napeza Cinyanja ca m'buku kusukulu.

Nchito ya ku Msoro

Pamalo patsopano panalibe nyumba ya njerwa yomlandira. Zonse zinayenera kuyamba ndi mitengo, dothi ndi udzu: pogona, popempherera, pophunzirira. Ndipo zonsezi sizikanatheka popanda cilolezo ca mfumu ndi manja a anthu a pamudzi. Mlendo amene ayamba ndi kupempha malo, kupempha udzu ndi kupempha madzi amaphunzira msanga kuti iye ndiye wosowa, ndipo eni mudzi ndiwo olemera. Kumeneko ndiko kuyamba kwabwino, pakuti anthu amakonda munthu amene anamthandizapo kuposa munthu amene amangowathandiza.

Kamungu anagwira nchito monga mwa dongosolo limene analiona kunyanja ali mwana. Pakati panali Msoro, ndipo kuzungulira kunali sukulu za m'midzi, iliyonse ndi mphunzitsi wake, ena mwa iwo ocokera kunyanja monga iye. Kusiyana kunali kwakuti Johnson ankayendera sukulu zake pa sitima, koma Kamungu ankayendera zake pansi. Sukulu ya pamudzi inali ya kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, ndiponso inali khomo la Mpingo. Wofuna Cikristu ankayamba ndi kukhala wakumva mau. Akakhazikika ankalandira mtanda pamaso pa anthu, nalowa m'gulu la okonzekera ubatizo, ndipo ubatizo weniweniwo unkadza patapita nthawi yaitali ya kuphunzira ndi kuyesedwa. Dongosolo lotere silikondweretsa munthu wothamanga. Lifuna mphunzitsi amene adzakhalapo caka ca mawa kudzatsiriza cimene wayamba caka cino.

Anthu anadza ambiri, ndipo mbiri ya Msoro inamveka msanga m'Misyoni monse. M'zaka ziwiri zokha malo amene panalibe kanthu panakhala Mpingo ndi sukulu zoyenda. Tikafunsa cimene cinacititsa, sitipeza cuma, pakuti dayosizi inali yosauka. Sitipeza mphamvu ya Boma, pakuti iye sanali munthu wa Boma. Cimene tipeza ndi munthu amene anazolowera kukhala wamng'ono kwa eni, amene anali ataphunzira kale zinenero za anthu ena ndipo sanacite manyazi kuyambanso, ndiponso amene anagwira nchito monga munthu wodzakalambira pamalopo.

Panalinso cinthu cina cimene cinamthandiza. Akunda, monga Anyanja, amawerenga mtundu kutsata kucikazi, ndipo pa nkhani ya mwana mau a atsibweni ake ndi olemera. Munthu wa kunyanja anadziwa khomo loyenera kugogoda pofuna mwana wa sukulu. Mlendo wanzeru amayamba wafunafuna zimene kwao ndi kwa eni zifanana, naimapo, asanayambe kuwerenga zimene zisiyana.

Imfa yake

Pa 27 Febuluwale 1913, m'kati mwa dzinja, Leonard Kamungu anamwalira ku Msoro, asanakwanitse zaka 40. Mbiri imene inafala pa nthawiyo, ndipo ikali kunenedwa, ndi yakuti anamthirira ciphe m'cakudya. Mlandu umenewo suli wathu kuuweruza lero, ndipo sungaikidwe pa mtundu wa anthu, pakuti anthu omwewo a ku Msoro ndiwo anamlandira, namlira, nasunga manda ake. Koma mbiriyo itikumbutsa cinthu coona, cakuti kulandiridwa ndi ambiri sikutanthauza kulandiridwa ndi onse. Sukulu imasintha mudzi. Imapatsa ana mau amene akulu alibe, imakweza ena, ena nkuona ngati atsitsidwa. Amene auza mphunzitsi watsopano kuti kukhala kwa eni nkosavuta ngati munthu ali ndi mtima wabwino, amnamiza. Kamungu anali ndi mtima wabwino, ndipo anagona m'manda kutali ndi nyanja.

Anaikidwa ku Msoro komweko. Caka cotsatira, mu 1914, mai wina wa Misyoni, D. Y. Mills, anasindikiza kabuku ka moyo wake ku England, ndipo mu 1971 John Weller analemba mbiri yake yonse. Ku Zomba, m'Malawi, sukulu yophunzitsa ansembe a Anglikani inachedwa dzina lake. Ku Msoro nchito sinaime. Anadza ansembe ena, aphunzitsi ena, kunamangidwa cipatala, ndipo chalichi ca St Luke ca pamalopo cinadzakhala chalichi ca Bishopu wa dayosizi ya kum'mawa kwa Zambia. Maiko atatu angathe kumucha wao: Mozambique kumene anabadwira, Malawi kumene anatumikira, ndi Zambia kumene agona.

Cimene atisiyira

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Makolo a m'midzi ya m'cigwa muno mwambi umenewu amaudziwa bwino, ndipo anauona ukukwanira pa aphunzitsi ambiri. Anaona mphunzitsi akufika mwezi wa Januwale, katundu wina osammasula nkomwe, nalemba kalata yopempha kusamutsidwa mvula isanathe. Cifukwa cake akaona nkhope yatsopano pasukulu sathamangira kuikonda. Amayamba ayang'ana ngati munthuyo alima kadimba, ngati afika pamaliro, ngati ayesa kupereka moni m'cinenero cao, ngati adya cimene ampatsa. Sacita zimenezi cifukwa ca nkhanza. Afuna kudziwa ngati nkoyenera kupereka mwana wao kwa munthu amene mwina mawa kulibe.

Tikawerenga masiku, Kamungu analidi mame, pakuti zaka ziwiri nzocepa, ndipo ambiri a inu mwakhala kale pasukulu panu nthawi yoposa imeneyo. Koma anthu sanamkumbukire monga mame. Kutalika kwa nthawi si ndiko kumazika munthu pamalo. Alipo aphunzitsi amene anatha zaka khumi pamudzi ali alendo, thupi liri m'kalasi, mtima uli pa njira ya kumtunda. Ndipo alipo amene mwezi wacitatu anthu anayamba kale kuwaitana pa milandu ya pabanja. Woyambayo amadikira tsiku locoka. Winayo amakhala ngati sadzacoka, ngakhale adziwa kuti tsiku lina adzamsamutsa.

Akulu omwewo anatinso mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ncoonadi kuti mwadza ndi kanthu kamene mudzi ulibe, ndipo musakapeputse. Koma kalumo sikameta mutu umene mwini wake sanauweramitse, ndipo munthu saweramitsa mutu kwa mlendo amene sanamkhulupirire. Kamungu anafika ku Msoro ndi maphunziro a ku Zanzibar, oposa a munthu wina aliyense pamudzipo, koma anayenera kufunsa eni dziko pooloka mtsinje, pamene pali madzi akumwa m'cilimwe, ndi dzina la mtengo uliwonse. Safunsa anadya phula. Mphunzitsi amene alola kuti ana ake amphunzitse mau a kwao madzulo, adzapeza kuti m'mawa anawo amva bwino mau a m'buku.

Sitinena kuti kupukwa kwanu ndi cimo, kapena kuti kutentha, udzudzu, nyumba yodontha ndi njira yodulidwa ndi madzi nzopanda kanthu. Nzolemera, ndipo oyang'anira sukulu ayenera kuzimva ndi kuzikonza. Sitinenanso kuti munthu asapemphe kusamuka pamene thanzi lake kapena la banja lake lafuna. Cimene tinena ncakuti masiku amene muli pano, kaya ndi ambiri kaya ndi ocepa, mukhale pano ndithu. Masulani katundu yense. Bzalani mtengo pabwalo la sukulu, ngakhale mthunzi wake adzakhalamo ndi wina. Yang'anani m'kalasi mwanu mwana amene adzakhala mphunzitsi wa mudzi uno inu mutacoka, pakuti mlendo amene agwira bwino nchito yake amasiya mwini mudzi pa mpando.

Ndipo amene mwa inu adzapeza mpata m'nyengo yopuma, mvula itatha ndi njira zitauma, akwere ndi Lupande kufikira ku Msoro, akaone pamene agona mwana wa ku Chia. Akafunse anthu a kumeneko kuti munthuyu anali wa kuti. Adzamuuza za nyanja, pakuti mbiri amaidziwa. Koma poyankha adzalankhula monga anthu onena za kholo lao.